Kulemba Kudasanduka Bwanji Kulapitsa? Mbiri ya Liwu Lakale la Chingerezi

Lero tipatuke pang'ono pa miyambi yathu kuti tisanthule liwu limodzi la Chingerezi lomwe ngakhale eni ake chiyankhulocho ambiri adaliiwala. Liwulo ndi "shrive". Tanthauzo lake ndi ntchito imene wansembe amagwira pomvetsera munthu woulula machimo, kumuuza choti achite powalipira, kenaka kumumasula. Akatolika akwathu kuno amati kulapitsa. Aphunzitsi a galamala aona msanga kuti limasintha monga "drive": timati "shrive", "shrove", "shriven". Koma chodabwitsa n'chakuti muzu wake sukhudzana konse ndi khutu kapena pakamwa. Udachokera ku liwu la Chilatini lakuti "scribere", kutanthauza kulemba, komwenso kudachokera mawu monga "script", "scribe" ndi "Scripture". Nanga zidatani kuti liwu la kulemba lifike potanthauza kumvetsera?

Mitundu ya anthu ya kumpoto kwa Ulaya idabwereka liwuli kwa Aroma. Mpaka lero Ajeremani akafuna kunena kulemba amati "schreiben", ndipo Adatchi amati "schrijven". Makolo a Angerezi, amene adaoloka nyanja kukakhala ku Britain m'zaka za m'ma 400, adali kale ndi liwu lawolawo lakuti "writan", lomwe poyamba linkatanthauza kukanda kapena kuzokota zizindikiro pa mtengo ndi pa mwala. Liwu limeneli silidasunthe pamalo pake, ndipo ndi lomwe lidasanduka "write". Choncho liwu lachilendo lija, lomwe iwo ankalitchula kuti "scrifan", lidapatsidwa ntchito ina: kulamula, kugamula, kapena kuikira munthu gawo lomuyenera. Izi n'zomveka, pakuti kwa Aroma chinthu chikalembedwa ndi akuluakulu ndiye kuti chasanduka lamulo. M'ndakatulo yakale kwambiri ya Beowulf, liwuli lidagwiritsidwa ntchito ponena za Mulungu akugamula mlandu wa chilombo chotchedwa Grendel.

Zotere zisatidabwitse, chifukwa nafenso tidachita chimodzimodzi ndi liwu lathu lakuti kulemba. Tikati mwana wa uje adalembedwa ntchito, sitiganizanso za cholembera, ngakhale kuti mawuwa adachokera pa kulowetsa dzina la munthu m'kaundula wa antchito. Tikachokera kuchipatala timati adokotala andilembera mankhwala, kutanthauza kuti agamula chimene chingandichiritse. Chitsanzo chachiwirichi tichisunge bwino, chifukwa n'chimene chitithandize kumvetsa zimene zidachitika ku England.

M'zaka zoyambirira za Chikhristu, kulapa machimo akuluakulu monga kupha, chigololo ndi kukana chikhulupiriro kunkachitika poyera. Wochimwayo ankaikidwa m'gulu la olapa, ankavala chiguduli, ankaletsedwa kulandira Ukaristia kwa nthawi yaitali, ndipo bishopu ndiye ankamubwezera mumpingo anthu onse akuona. Mwayi umenewu unkaperekedwa kamodzi kokha pa moyo wa munthu. Chifukwa cha ichi ambiri ankazengereza, kudikira kuti adzalape ali pafupi kutsirizika.

Amonke a ku Ireland ndi amene adabweretsa njira ina m'zaka za m'ma 500. Kumeneko mmonke ankapita mwamseri kwa mkulu wake kukaulula zolakwa, ndipo ankatha kupitanso kangapo konse. Pofuna kuti akuluakuluwo asamangogamula za m'mutu mwawo, padalembedwa timabuku tondandalika machimo pamodzi ndi cholipira cha tchimo lililonse. Ena mwa mabuku akale kwambiri a mtunduwu amatchedwa ndi maina a Finnian, Columbanus ndi Cummean. Chikhristu chitafika pakati pa Angerezi, kudzera mwa Augustine amene adafika ku Kent mu 597 ndiponso Aidan amene adakhazikitsa nyumba ya amonke pa chilumba cha Lindisfarne cha m'ma 635, mwambo umenewu nawonso udazika mizu.

Buku lotchuka kwambiri ku England ndi limene limatchedwa ndi dzina la Theodore, munthu wa ku Tarsus, kwawo kwa mtumwi Paulo. Iyeyu adafika ku Canterbury mu 669 monga bishopu wamkulu ndipo adamwalira mu 690. Zigamulo zake adazisonkhanitsa ndi wophunzira wina iye atapita kale. Taonani zina mwa izo. Mkhristu wamba woledzera mpaka kusanza ankalapa masiku 15, mmonke masiku 30, pamene wansembe kapena dikoni ankalapa masiku 40. Wopha munthu pa nkhondo ankalapa masiku 40, koma wopha pobwezera imfa ya mbale wake ankapatsidwa zaka 7 kapena 10. Kulapa kwake kawirikawiri kudali kusala zakudya, makamaka nyama ndi vinyo, ndipo nthawi zina kudya buledi ndi madzi basi. Onani kuti udindo ukakula, cholipiranso chinkakula. Anthu amenewa akadamva mwambi wathu wakuti pepani sapoletsa chilonda akadauvomereza ndi mtima wonse, pakuti kwa iwo kupepesa kwa pakamwa kokha kudali kosakwanira.

Apa ndi pamene liwu lathu lija lidapeza malo ake enieni. Ntchito ya wansembe idali kugamula cholipira monga mwa zolembedwa, ndiye kuti "scrifan". Cholipiracho chinkatchedwa "scrift", ndipo wansembe wolapitsayo nayenso ankatchedwa ndi dzina lomwelo. Buku la zolipira linkatchedwa "scriftboc", pamene dera lonse limene wansembe mmodzi ankalapitsako, lomwe ife tingati parishi, linkatchedwa "scriftscir". Taganizani: parishi yonse kudziwika ndi dzina la ntchito imodzi yokha ya wansembe. Izi zikutisonyeza kulemera kwa ntchitoyo m'maso mwa anthu a nthawi imeneyo.

Komatu mabukuwa sankaona wansembe ngati woweruza chabe. Ankamuyerekeza ndi sing'anga wa mzimu, ndipo cholipira ankachiyesa mankhwala. Ankamulangiza kuti asanagamule ayambe waona kuti munthuyo ndi wotani: kodi ndi wolemera kapena wosauka, wamng'ono kapena wokalamba, wathanzi kapena wodwala, mfulu kapena kapolo, ndipo kodi adachita dala kapena mosadziwa. Dokotala wanzeru salemba mankhwala asanamve pamene wodwala akumva kupweteka. Chomwechonso wansembe sakadatha kugamula asanakhale pansi n'kutchera khutu. M'kupita kwa nthawi liwu lomwe linkanena za chigamulo chokha lidafutukuka n'kuphatikiza ntchito yonse: kumvetsera, kulangiza, kugamula ndi kukhululukira. Umu ndi momwe kulemba kudasandukira kulapitsa. Zimene zidalembedwa m'buku zidali zopanda phindu popanda kuyamba wamva munthu wogwada patsogolo pako.

M'chaka cha 1215, Papa Innocent III adachititsa msonkhano waukulu wa mabishopu ku Lateran, mumzinda wa Rome. Msonkhanowo udalamula kuti Mkhristu aliyense wofika msinkhu wozindikira chabwino ndi choipa aziulula machimo ake kwa wansembe wake, osalephera kamodzi pa chaka, ndiponso azilandira Ukaristia pa Pasaka. Udaikanso chilango choopsa kwa wansembe woulula zimene wamva polapitsa: kuchotsedwa pa unsembe ndi kutsekeredwa m'nyumba ya amonke moyo wake wonse. Munthu sangatule za kumtima ngati akuopa kuti mawa zimveka pachitsime.

Popeza anthu ankafuna kulowa m'nyengo ya Lenti ali oyera mtima, masiku otsala pang'ono kufika Lachitatu la Phulusa adatchedwa "Shrovetide", ndipo tsiku lomaliza, Lachiwiri, lidatchedwa "Shrove Tuesday". Belu la tchalitchi linkalira kuitana anthu kukalapa. Tsiku lomwelo amayi ankafuna kumaliza mazira, mkaka ndi mafuta, zomwe zinkaletsedwa pa Lenti, choncho ankakazinga timikate topyapyala pa chiwaya. Afalansa amalitcha tsikuli "Mardi Gras", ndiko kunena kuti Lachiwiri lonona. M'tauni ya Olney, ku Buckinghamshire, amayi amachita mpikisano wothamanga atanyamula ziwaya. Nthano ya kumeneko imati mwambowu udayamba mu 1445, pamene mayi wina adamva belu ali mkati mokazinga, nathamangira kutchalitchi chiwaya chili m'manja. Lero Angerezi ambiri amalidziwa tsikuli ndi dzina lakuti "Pancake Day". Chakudya chidatsala, chifukwa chake chidaiwalika.

Zinthu ziwiri ndi zimene zidafooketsa liwuli. Choyamba, William wa ku Normandy atagonjetsa England mu 1066, mawu ambiri a Chifalansa adalowa m'Chingerezi, ndipo pofika zaka za m'ma 1300 liwu lakuti "confess" lidayamba kupikisana nalo. Chachiwiri, mfumu Henry VIII idalekanitsa mpingo wa ku England ndi Papa mu 1534. Iyo idasungabe mwambo woulula machimo kwa wansembe m'malamulo ake a 1539, koma buku la mapemphero la 1549, lomwe lidatuluka mu ulamuliro wa mwana wake Edward VI, lidausiya mwambowo m'manja mwa munthu aliyense kuti achite monga mtima wake ukumuuzira. Ntchito ikachepa, dzina lakenso limazilala.

Komabe pali mawu amodzi amene adapulumuka ndipo mudzawapeza m'nyuzipepala za Chingerezi mpaka lero: "short shrift". Poyamba ankatanthauza kanthawi kochepa kamene munthu woweruzidwa kuti aphedwe ankapatsidwa kuti alape. Mbiri yake imatifikitsa pa 13 June 1483, ku Tower of London. Tsiku limenelo Richard, amene pambuyo pake adakhala mfumu Richard III, adaimba mlandu woukira boma nduna ina yotchedwa Lord Hastings pakati pa msonkhano, ndipo adalamula kuti idulidwe mutu popanda kuzengedwa mlandu m'bwalo. William Shakespeare adaika nkhaniyi m'sewero lake la Richard III, lomwe lidasindikizidwa mu 1597. M'seweromo Hastings akuuzidwa kuti alape mwachangu chifukwa bwana akufuna kukadya, ndipo sangadye asanaone mutu wake. M'zaka za m'ma 1800 mlembi wa ku Scotland, Walter Scott, adathandiza kudzutsanso mawuwa, ndipo pang'onopang'ono adafika pa tanthauzo la masiku ano: kumuthira munthu kumbali mwachidule, osalabadira zimene akunena.

Taonani ulendo wake tsono. Liwu lomwe lidakula chifukwa chakuti wogamula ayenera kuyamba wamvetsera, latsala m'kamwa mwa anthu ngati dzina la kusamvetsera. Hastings adapatsidwadi wansembe, mwambo udatsatidwa, koma chigamulo chidali chitaperekedwa kale. Kumva kwa mtundu umenewu n'kongophimba anthu m'maso.

Ndikamalemba izi chikumbumtima chimandikumbutsa mnyamata wina pa sukulu ina imene ndidatsogolerapo. Adabwera naye ku ofesi yanga atachedwa masiku atatu otsatizana, ine ndili m'kati mokonzekera alendo ochokera ku boma. Ndidatsegula buku la zilango, n'kulemba dzina lake ndi chilango chake chokumba dzenje la zinyalala, kenaka ndi pamene ndidamufunsa ngati ali ndi chonena. Mwanayo adayang'ana bukulo, naona kuti inki yauma kale, nati, "Ayi, aphunzitsi, palibe." Patapita sabata ndidamva kwa mphunzitsi wa kalasi yake kuti mayi ake adali chigonere, ndipo iye ndi amene ankatunga madzi ndi kuwaphikira phala asanabwere ku sukulu. Ndidamuitana n'kumupepesa, koma dzenje lidali litakumbidwa kale. Ndidalemba ndisanamve, pamene ansembe a nthawi ya Theodore ankalangizidwa kumva asanagamule.

Makolo athu adaidziwa nzeru imeneyi popanda buku. Pabwalo la mfumu, wodandaula ankayankhula mpaka kumaliza, woimbidwa mlandu nayenso ankayankhula mpaka kumaliza, mboni zinkafunsidwa, nduna zinkapita padera kukakambirana, ndipo pambuyo pa zonsezi mfumu inkagamula. Ngati dzuwa lalowa nkhani isanathe, ankati tidzapitiriza mawa, pakuti mlandu suwola. Adatinso kuona maso a nkhono n'kudekha: ukaigwedeza nkhono imabwerera m'chigoba chake, monga momwe mnyamata uja adachitira.

Choncho inu amene muli ndi mphamvu yogamula za ena, kaya ndinu kholo, mphunzitsi, nkhoswe ya banja, mkulu wa mpingo, kapitawo kapena nyakwawa, mukadzakumana ndi mawu akuti "Shrove Tuesday" pa kalendala, kumbukirani kuti dzinali lidachokera pa munthu wokhala pansi kumvetsera mnzake. Cholembera chiyambe chadikira mpaka wolankhulayo atamaliza.