Pamene a ku Denmark Anatigwira Dzanja

Madzulo ano tikumbuke caka ca 1993.

Masiku amenewo bungwe la mpira la FAZ linali losauka, kotero kuti anyamata a dziko lathu, popita ku Senegal, anakwera ndege ya asilikari. Usiku wa pa 27 April ndegeyo inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon, ndipo anthu onse 30 anafa, mwa iwo osewera 18. Manda ao ali pafupi ndi Independence Stadium muno m'Lusaka.

Maliro atatha, funso linatsala: kodi gulu latsopano lidzaphunzitsidwa ndi ndarama za yani? Apa ndipo a ku Denmark anatigwira dzanja. Anaitanira anyamata athu kwao, nawasunga milungu ingapo, nawapatsa mphunzitsi Roald Poulsen. Ine ndiyesa kuti thandizo lotere, la malo ndi luso, liposa ndarama zongotumizidwa ku ofesi.

M'caka ca 1994 anyamatawo, mtsogoleri wao ali Kalusha Bwalya, anafika pa masewera omariza a cikho ca Africa ku Tunisia, nagonja kwa Nigeria ndi zigoli 2 kwa 1.