Nineve ndi mneneri amene dzina lake ndi chitonthozo

Ana a Sande sukulu amaudziwa mzinda wa Nineve chifukwa cha Yona ndi chinsomba chija. Nkhaniyo imathera pabwino: anthu alapa, Mulungu waleza mtima. Koma mukatsegula masamba angapo kutsogolo, kudutsa Mika, mupeza kabuku ka machaputala atatu okha, ka Nahumu, komwe alaliki ambiri amakalambalala. M'menemo Nineve yemweyo alibenso pothawira.

Ukali wa Nahumu uli ndi gwero. Mu 701 BC Senakeribu, mfumu ya Asuri, anazinga Lakisi, mzinda wa ku Yuda, n'kuuphwasula. Atabwerera kwawo anaitana amisiri kuti aseme nkhondoyo pamiyala ya m'makoma a nyumba yake yachifumu. Miyalayo lero ili ku British Museum, ku London. Pakuoneka amuna obayidwa pamitengo yosongoka, ena akusendedwa khungu, amayi atasenza timitolo, ana ali pangolo yokokedwa ndi ng'ombe, ulendo wa ku ukapolo. Asuri nkhanza zawo sankabisa ayi, ankakongoletsera nazo chipinda. Samariya n'kuti atagwa kale cha mu 722 BC, ndipo Hezekiya, mfumu ya Yuda, anachita kukanganula golide wa pazitseko za kachisi kuti akwanitse msonkho wa Asuriwo.

Nahumu analankhula chitadutsa chaka cha 663 BC, popeza amatchula kugwa kwa Thebes, mzinda wa ku Iguputo umene Asuri omwewo anaufunkha chaka chimenecho. Ankawakumbutsa kuti naonso unali mzinda wodalira madzi ndi asilikali, koma unagwa. Dzina la mneneriyu m'Chiheberi limachokera ku mawu otanthauza kutonthoza. Mwina mungadabwe, poti bukulo ladzaza magaleta, malupanga ndi mitembo. Komatu kwa munthu amene agogo ake anapereka msonkho, bambo ake n'kuperekanso, uthenga woti goli lithyoka unali wokoma ngati mvula yoyamba.

Linathyokadi mu 612 BC. Ababulo a mfumu Nabopolassar ndi Amedi a Cyaxares anazinga Nineve miyezi itatu, kenako anauyatsa. Motowo unawamba mapale adongo a m'laibulale ya Ashurbanipal, mfumu ya Asuri, ngati njerwa za mu uvuni, n'chifukwa chake ambiri akuwerengeka mpaka pano. Xenophon, msilikali wachigiriki, podutsa pa mabwinjawo cha mu 401 BC, anangowatcha Mespila. Dzina loti Nineve sanalitchule n'komwe.

Wofukula zakale, Austen Henry Layard, anayamba kukumba chitunda cha Kuyunjik, pa mabwinja a Nineve, mu 1847, tsidya lina la mtsinje wa Tigris moyang'anizana ndi Mosul wakale, ku Iraq. Pamiyala ya Lakisi ija, imene anaifukula kumeneko, Senakeribu wakhala pampando wake ndipo akaidi akumugwadira. Zovala zake ndi mpandowo zikuoneka bwinobwino, koma nkhope palibe. Munthu wina anaigoba dala, ndipo akatswiri amaganiza kuti anali mmodzi mwa asilikali amene analowa m'nyumba yachifumu ija mzindawo ukuyaka.