Chibwibwi: Kodi Misonkhano Yothandizana Ili ndi Phindu Lanji?

Tangoganizani: muli mu minibasi yopita ku Chinamwali, siteji yanu yakwana, koma mawu oti "nditsika" akukanirira pakhosi. Kondakitala akuseka, galimoto yapitirira. Anzathu achibwibwi amakumana ndi zoterezi tsiku ndi tsiku, moti ena amangosankha kukhala chete.

Chibwibwi n'chiyani?

Ndi vuto la kalankhulidwe: munthu amabwereza kapena kukoka mawu, mwinanso mawuwo osatuluka n'komwe. Nthawi zambiri chimayamba mwana ali ndi zaka 2 mpaka 5. Ana ambiri chimawathera okha, koma pafupifupi munthu wamkulu mmodzi pa 100 aliwonse amakhala nacho, makamaka amuna. Si kulodzedwa ayi, si kuchepa nzerunso. Chimakhudzana ndi mmene ubongo umayendetsera kulankhula, ndipo kawirikawiri chimayenda m'magazi.

Misonkhanoyi inayamba liti?

Msonkhano woyamba wa anthu achibwibwi a padziko lonse unachitikira ku Kyoto, Japan, mu 1986. Mu 1995 kunakhazikitsidwa bungwe la International Stuttering Association, ndipo mu 1998 msonkhanowu unafika ku Johannesburg. Chaka chomwecho dziko linayamba kukumbukira tsiku la chibwibwi pa 22 Okutobala. Mu 2005, achibwibwi a mu Africa anachita msonkhano wawo woyamba ku Douala, Cameroon.

Umapindula chiyani ukapitako?

Choyamba, palibe wokudula pakamwa kapena kukumalizira mawu. Ukakakamira, anthu amadikira basi. Chachiwiri, umaona aphunzitsi, madokotala ndi ochita bizinesi achibwibwi ngati iwe, n'kuzindikira kuti suli wekha. Chachitatu, umayeserera zomwe umaziopa, monga kuimba foni, kutchula dzina lako kapena kuyankha pa intaviyu. Umakumananso ndi akatswiri a kalankhulidwe, omwe kuno ku Malawi ndi ochepa kwambiri. Makolo nawonso amaphunzira kuti kukalipira mwana sikuthandiza.

Koma tisanamizane, msonkhano si mankhwala. Chibwibwi umabwerera nacho, chomwe chimachepa ndi manyazi ndi mantha.

Nanga ife a pa Zomba?

Tikiti ya ndege si masewera, komabe zokumana zina zimachitikira pa intaneti, bandulo ikakhalapo mwalowa. Kuyamba zathunso n'kotheka: anthu anayi, gulu la WhatsApp, kukumana ku Botanic Gardens kapena pa Chanco Loweruka masana. Lamulo likhale limodzi: wina akamalankhula, mudikireni amalize yekha.

Ngati muli ndi mnzanu wachibwibwi, mutumizireni nkhaniyi 22 Okutobala isanafike.