Nkhondo Yopanda Wopambana: Nigeria Pambuyo pa Biafra

Pa 15 Januwale 1970, mumzinda wa Lagos, mkulu wa asilikali a Biafra, Philip Effiong, adaima pamaso pa mtsogoleri wa dziko la Nigeria, Yakubu Gowon, nalengeza kuti Biafra watha. Nkhondo yapachiweniweni idali itatenga miyezi 30. Anthu a mtundu wa Igbo adali ndi mantha kuti tsopano yafika nthaŵi yolipsira. Koma Gowon adakumbatira Effiong, nauza dziko lonse kuti pa nkhondoyi palibe wopambana, palibenso wogonja. Palibe mtsogoleri wa Biafra amene adanyongedwa.

Kuti timvetse kulemera kwa mauwo, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Mu Januwale 1966 gulu la asilikali, ambiri mwa atsogoleri ake a chi Igbo, lidagwetsa boma ndi kupha nduna yaikulu, Abubakar Tafawa Balewa. Mu Julayi asilikali akumpoto adabwezera. Chaka chomwecho Aigbo zikwizikwi okhala kumpoto adaphedwa, ndipo otsala adathaŵira kwao kuvuma. Pa 30 Meyi 1967 Odumegwu Ojukwu adalengeza kuti chigawo chakuvuma chadzipatula, ndipo dzina lake ndi Biafra. Boma lidatseka njira zonse zoloŵera kumeneko, njala niyamba kupha kuposa mfuti. Ambiri amaŵerengera kuti adafa anthu oposa miliyoni imodzi, ochuluka mwa iwo ana. Bungwe la Caritas ndi mipingo ina linkatumiza chakudya pa ndege usiku, zikumatera pa mseu wa ku Uli umene adausandutsa bwalo la ndege. Tanzania ndi Zambia adali m'gulu la maiko oŵerengeka amene adavomereza Biafra mu 1968.

Ine ndiganiza kuti Gowon adanena mauwo ndi mtima woona, ndipo adapulumutsa miyoyo yambiri. Komabe mau okoma saphika nsima. Munthu wa ku Biafra amene adagwiritsa ntchito buku lake la kubanki nthaŵi ya nkhondo adapatsidwa mapaundi 20 okha, ngakhale adali ndi chuma chotani. Ku Port Harcourt nyumba zambiri za Aigbo zidatchedwa katundu wosiyidwa, eniake ali moyo, ndipo ambiri sadazipezenso. Amishoni amene adagaŵa chakudya, ambiri a iwo ansembe a ku Ireland a chipani cha Mzimu Woyera, adapirikitsidwa m'dziko. Ku Asaba, kumene asilikali a boma adaombera amuna mazanamazana mu Okutobala 1967, palibe ndi mmodzi yemwe amene adaimbidwa mlandu. Chikhululukiro chidaperekedwa kuchokera kumwamba, monga ngati olakwa adali mbali imodzi yokha. Mkazi wamasiye wa ku Asaba adapemphedwa kuiŵala, koma sadafunsidwe ndi wina aliyense kuti afotokoze zimene adaona.

Nanga anthu aŵiri aja adatsogolera nkhondo zidaŵathera bwanji? Apa mbiri ili ngati ikuseka. Ojukwu adathaŵira ku Ivory Coast masiku ochepa nkhondo isanathe. Gowon naye adachotsedwa pampando mu 1975 ali ku msonkhano ku Kampala, napita ku England kukakhala mwana wa sukulu pa yunivesite ya Warwick. Chaka chotsatira adamuganizira kuti adali m'chiwembu chimene chidapha womloŵa m'malo, Murtala Mohammed, namlanda udindo wake wa usilikali. Choncho wopambana ndi wogonja adapezeka onse aŵiri ali kunja, ndipo adaŵakhululukira ndi munthu mmodzi, Pulezidenti Shehu Shagari. Ojukwu adabwerera mu 1982, anthu namchingamira mwaunyinji. Koma sadachedwe kuloŵa chipani cholamula, ndipo ena mwa anthu ake adaona ngati chikhululukirocho chidali malonda a mavoti. Adapikisana pa mpando wa nyumba ya malamulo mu 1983 nalephera. Asilikali atalandanso boma kumapeto kwa chakacho, adatsekeredwa m'ndende pamodzi ndi andale ena. Gowon, atabwerera kwao, adayambitsa gulu lopempherera dziko lotchedwa Nigeria Prays.

Mwai wolankhula poyera udadza mochedwa. Mu 1999 Pulezidenti Olusegun Obasanjo, yemwe uja adatsogolera asilikali amene adagonjetsa Biafra, adakhazikitsa bungwe lofufuza nkhanza zakale, lotsogozedwa ndi woweruza Chukwudifu Oputa. Mlembi wake adali wansembe, Bambo Matthew Hassan Kukah, amene pambuyo pake adakhala episkopi wa Sokoto. Anthu adabwera nafotokoza zoŵaŵa zao, Aigbo nawonso adapereka madandaulo ao. Atsogoleri atatu akale a usilikali adakana kuwonekera. Lipoti lidaperekedwa mu 2002, koma boma silidalisindikize. Lidafika kwa anthu kudzera mwa magulu ena oima paokha.

Ojukwu adamwalira ku London mu Novembala 2011. Pa 2 Malichi 2012 adaikidwa m'manda kwao ku Nnewi, ndi ulemu wonse wa usilikali. Bokosi lake lidafundidwa mbendera ya Nigeria, ndipo adalinyamula ndi asilikali a gulu lomwe lija adamenyana nalo.