Oyang'anira Sukulu ndi Chiyankhulo cha M'kalasi: Kuchokera ku Natal Kufika ku Domasi

Lamulo la chiyankhulo limalembedwa ku likulu, koma limafika m'kalasi kudzera mwa munthu amene amayendera sukulu za m'dera. Tikufuna kusonyeza kuti mphunzitsi amalimba mtima pokhapokha woyang'anira wakeyo akukhulupirira chimene akulamula.

Maganizo ameneŵa mizu yake ina ili ku Natal, dera m'mene muli Tongaat. C. T. Loram, amene anakhala mkulu wa oyendera sukulu za anthu akuda kumeneko mu 1918, anayenda ndi nthumwi za Phelps-Stokes zimene zinaona maphunziro a ku Africa. Nthumwizi zitafika ku Nyasaland mu 1924, boma linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, ndipo mu 1929 linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi. Kumeneko ankasula aphunzitsi oyendayenda oti azikalangiza anzawo m'sukulu za m'midzi. Ngakhale cholinga cha atsamunda chinali chopereŵera, iwo anazindikira kuti mphunzitsi wosiyidwa yekha amafooka.

Chichewa chitasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, oyendera sukulu anali ndi mabuku, silabasi ndi mphamvu ya boma pambuyo pawo, motero sanazengereze. Anthu a ziyankhulo zina, monga Chitumbuka, anaponderezedwa nalo lamuloli. Komabe Eddie Williams, m'kafukufuku wake wofalitsidwa mu 1998, anapeza kuti ana a ku Malaŵi ankaŵerenga chiyankhulo cha kwawo bwino kuposa ana a ku Zambia amene ankayamba ndi Chingerezi, pamene pa Chingerezicho sankasiyana kwenikweni.

Tsono mu 1996 unduna unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha makolo awo. Mabuku a Chiyao kapena Chitumbuka sanafike, aphunzitsi sanakonzekeretsedwe, ndipo sukulu zinali zitadzaza chifukwa cha maphunziro aulere a 1994. Akuluakulu a maphunziro m'maboma analibe poimira, ndipo lamulolo linangotsala papepala. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi patsogolo.

Ife akatswiri a ziyankhulo timathera nthaŵi yambiri pa kalembedwe ndi madikishonale. Mbiri imeneyi ikutipempha kuti tiyambe kugwira ntchito limodzi ndi alangizi a m'mazoni ndi akuluakulu a maphunziro m'maboma, tisanalembe lamulo lina la chiyankhulo.