Kuyela kwa Kilimanjaro: kucoka pa mkangano kufika pa nambala

Mu May 1848, mmishonale wa ku Germany, Johannes Rebmann, anaona cinthu coyela mbee pamwamba pa phili la Kilimanjaro, m'dziko limene lelo timacha Tanzania. Analemba kuti ni sinowo. Ku London, katswili wa mapu William Cooley anakana kwamtuwagalu. Sinowo ingakhale bwanji pafupi na equator, kumene dzuŵa limawala mwamphamvu? Ena anati mwina ni miyala yoyela cabe. Acaga a m'munsi mwa phili anali kukuona kuyelako masiku onse, koma mkangano wa ku Ulaya unatenga zaka. Hans Meyer na Ludwig Purtscheller atafika pansonga mu 1889, anapondadi pa aisi.

Funso loyamba linali lakuti, kodi coyelaco n'ciani? Funso la masiku ano ni lakuti, kodi n'coyela motani? Yankho lake ndilo limatiuza ngati aisi adzakhalapo kapena adzatha.

Tonse tidziŵa mmene shati yakuda imawochela mu October. Cakuda cimamwa kuwala, coyela cimakubweza. Asayansi amacha mphamvu yobweza kuwala imeneyi kuti albedo, ndipo amaipima kucoka pa 0 kufika pa 1. Sinowo yatsopano imabweza mapelesenti 80 mpaka 90 a kuwala. Aisi wakale wa glacier, uja wolimba amene waunjikana kwa zaka mazana, nthawi zambili amabweza osafika theka. Akadetsedwa na fumbi, amabweza ocepelapo. Conco sinowo ili ngati cishango. Ikasoŵa, aisi amakhala pamtetete, amamwa dzuŵa, n'kuyamba kusungunuka kapena kusanduka nthunzi.

Kale, kupima kunali kwa miyendo. Mu 1912, Fritz Klute na Eduard Oehler anakwela phili n'kujambula mapu a aisi. Koma mapu amaonetsa malile cabe, saonetsa kuyela. Zinthu zinasintha pa 23 July 1972, pamene America inaponya m'mlengalenga setilaiti imene pambuyo pake inachedwa Landsat 1. Ma Landsat obwela pambuyo amaona dziko m'tumabokosi twa mamita 30, ndipo kucokela mu 2000 kamela ya MODIS imajambula pafupifupi tsiku lililonse, ngakhale kuti sionetsa bwino tunthu tung'onotung'ono.

Setilaiti siŵelenga albedo mwacindunji. Imapima kuwala kobwela kucoka pansi m'mitundu ingapo. Kenako akatswili amacotsapo zosokoneza za mpweya, mitambo na kupendekeka kwa phili, cifukwa mbali yoyang'ana dzuŵa imaoneka yowala kuposa ya mumthunzi. Manambalawo amawayelekezela na makina a pansi, monga amene Douglas Hardy na anzake anaika pa aisi wa pansonga ya Kilimanjaro mu 2000.

Zotsatila zake n'zoopsa. Aisi amene anali pa masikweya kilomita 11.4 mu 1912 anatsala 1.76 mu 2011. Ofufuza monga Thomas Mölg anaonetsa kuti kutentha si ndiko kokha kuli na mlandu. Kum'maŵa kwa Africa kunayamba kuuma ca m'ma 1880. Sinowo ikagwa yocepa, aisi amada, ndipo akada amatha msanga.

Nanga ife a ku Lusaka kapena Chipata zitikhudza pati? Kucokela mu 2008, zithunzi za Landsat n'zaulele. Aliyense amene ali na kompyuta na mabandulo angazitenge, n'kuona Kilimanjaro wa mu 1985 na wa caka cino. Diso lomwelo limaonanso madzi a Kariba akaphwa. M'nthawi ya Rebmann, nkhani ya phili la mu Africa inali kugamulidwa ku London na munthu amene sanalionepo. Manje manambala ali poyela, ndipo tingawaŵelenge tekha aisiyo asanathe.