Nkhondo ya Hitler inayambira ku Ethiopia

Kusukulu anatiphunzitsa kuti nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inayamba pa 1 September 1939, tsiku limene Germany inalowa m'dziko la Poland. Pamayeso yankho ndi lomwelo, musalisinthe. Koma munthu wa kuno ku Mvera akafuna kumvetsa chimene chinachititsa kuti azigogo athu akapezeke ku Moyale ndi ku Burma atanyamula mfuti, ayenera kubwerera m'mbuyo zaka zinayi, n'kuyang'ana ku Africa konkuno.

Tiyambe ndi eni nkhaniyi. Benito Mussolini anatenga boma la Italy mu October 1922. Anyamata ake ovala malaya akuda ankamenya otsutsa, ena n'kuwamwetsa mafuta a nsatsi mokakamiza kuti adziyipitsire pagulu. Atangoopseza kuti akuguba kupita ku Rome, mfumu Victor Emmanuel III inamupatsa mpando. Adolf Hitler naye sanalande boma ndi zida. Chuma cha dziko lonse chitagwa mu 1929, anthu osowa ntchito ku Germany anafika 6 miliyoni mu 1932, chipani chake cha Nazi chinakula, ndipo pa 30 January 1933 pulezidenti Hindenburg anamusankha kukhala mtsogoleri wa boma. Onse awiri anachita kupatsidwa mipando ndi akuluakulu amene ankaganiza kuti aziwagwira pamchira. Kugwa kwa chuma komweko kunafikanso kuno. Mitengo ya fodya wa chikopa, amene alimi a ku Dowa ndi Lilongwe ankadalira, inatsika, msonkho wa atsamunda uli pomwepo, ndipo amuna ambiri anatsetsereka kukafuna ntchito ku Salisbury ndi Johannesburg.

Mussolini anali ndi chilonda chakale. Mu 1896 asilikali a Italy anagonjetsedwa ndi mfumu Menelik II ku Adwa, chinthu chimene Azungu ankati sichingachitike. Pa 3 October 1935 analowa mu Ethiopia kukabwezera. Dziwani kuti Ethiopia inali membala wa League of Nations, bungwe limene linakhazikitsidwa kuti dziko lina lisamameze linzake. Nanga bungwelo linachita chiyani? Linaletsa malonda ena ndi Italy, koma mafuta a galimoto ndi ndege, amene nkhondoyo inkadalira, sanawaike pa chiletsocho. Britain sinatseke ngalande ya Suez, moti sitima za Italy zinkadutsa bwinobwino ndi zida. Mu December chaka chomwecho, nduna ya Britain Samuel Hoare ndi Pierre Laval wa ku France anapangana mobisa zopereka gawo lalikulu la Ethiopia kwa Mussolini. Nkhani itaululika Hoare anatula pansi udindo, koma aliyense anali ataona kale pamene mtima wa mayikowa unali. Ndege za Italy zinkawaza mpweya wa poizoni pa asilikali ndi m'midzi. Addis Ababa inagwa pa 5 May 1936, ndipo mwezi wotsatira Haile Selassie ataima ku Geneva kuti adandaule, atolankhani a ku Italy anamukuwiza m'holo momwemo.

Hitler ankaonerera zonsezi. Mu March 1936, nkhondo ya Ethiopia isanathe, analowetsa asilikali ku Rhineland, dera limene pangano la Versailles linamuletsa, ndipo palibe anamugwira dzanja. Kwa ine, apa ndi pamene njira ya ku Poland inalambulidwa.

Pali kankhani kena kamene mabuku a sukulu amakadumpha, koma ife kamatikhudza mwachindunji. Germany inkafuna kubwezeredwa mayiko amene inalandidwa nkhondo yoyamba itatha, kuphatikizapo Tanganyika, tsidya la Songwe apa. Ndi kumeneko kumene asilikali a Germany anachokera pokathira nkhondo Karonga mu September 1914. Pa 3 March 1938, kazembe wa Britain ku Berlin, Nevile Henderson, anapita kwa Hitler ndi ganizo la Neville Chamberlain: dera lalikulu la pakati pa Africa, kumpoto kwa mtsinje wa Zambezi, likonzedwenso kuti Germany nayo ipezepo gawo lolamulira. Tayang'anani pamapu pamene Nyasaland inali. Palibe mfumu ya kuno imene inafunsidwa. Chinatipulumutsa si chifundo cha London ayi, koma kuti maso a Hitler anali kwina. Pasanathe masabata awiri anameza Austria.

Nkhondo itabuka, ntchito yokonza zimene League of Nations inalekerera inagwera anthu ena. Italy inalowa nkhondo pa 10 June 1940, ndipo mu July asilikali a Nyasaland a King's African Rifles anali akuwomberana kale ndi Ataliyana ku Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia. Mu August gulu lachiwiri la Nyasaland linamenya nkhondo ku Tug Argan, ku British Somaliland, kumene Britain inagonja n'kuthawira panyanja. Zinthu zinatembenuka mu 1941: Addis Ababa inalandidwa mu April, ndipo Haile Selassie anabwerera kwawo pa 5 May, patatha zaka zisanu ndendende. Kenako kunali Madagascar mu 1942, ndi nkhalango za Burma mu 1944. Amuna oposa 20,000 a dziko lino anavala yunifomu. Funso limene John Chilembwe anafunsa mu 1914, loti munthu wopanda liwu m'boma akaferenji pankhondo ya eni boma, linali lisanayankhidwe. Mukaona mganda kuno kwathu, mizere yake yowongoka ndi kaguba kake, mukuona zimene usilikali wa nkhondo ziwirizi unasiya m'midzi.

Kenanso kakuti: mishoni ya Mvera inatsegulidwa mu 1889 ndi A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed wa ku Cape. Kwawo kwa amishoniwo nkhondoyi inagawa anthu pakati. Mu September 1939 nyumba ya malamulo ya South Africa inavomera kulowa nkhondo ndi mavoti 80 kwa 67 okha, ndipo gulu la Ossewabrandwag linkafunira Germany chipambano poyera. Mmodzi wa akuluakulu a gululo anatsekeredwa ku Koffiefontein mu 1942, nthawi imene anyamata a Nyasaland anali kunkhondo. Dzina lake John Vorster. Mu 1970 anabwera ku Malawi ali nduna yaikulu ya South Africa, ndipo analandiridwa ndi boma la Kamuzu Banda ngati mlendo wolemekezeka.